Mawu akudukaduka pa foni za mu ofesi ndi pa Teams: kupeza pomwe QoS yalephera pa switch

Vutoli lili ndi nthawi zake. M'mawa cha m'ma 7 koloko foni za pa desiki zimamveka bwinobwino. Ikamakwana 9 koloko, aliyense atayatsa kompyuta, mawu amayamba kudukaduka, amene mukulankhula naye amamveka ngati ali m'chitini, ndipo pa msonkhano wa Teams nkhope zimangouma. Anthu akatuluka kukadya nkhomaliro zonse zimakhalanso bwino. Wa IT akaitanidwa amathimitsa switch, chipangizo cholumikiza makompyuta ndi foni za mu ofesi, n'kuiyatsanso, zimaoneka ngati zatheka, koma mawa lake ndi zomwezo.

Ku Zomba kuno zimenezi zimakula chifukwa cha mamangidwe a maofesi. Ambiri ali m'nyumba zakale za nthawi imene mzinda uno unali likulu la dziko, boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, ndipo bungwe limodzi limapezeka lamwazikana m'nyumba zitatu kapena zinayi. Apa alumikiza ndi fibre, apo ndi chingwe cha mkuwa, nyumba ya kumtunda aifikira ndi wailesi ya padenga. Pamalumikizo aliwonse otere msewu waukulu umakumana ndi kanjira kakang'ono.

Chofunika kuchigwira kuyambira pachiyambi n'chakuti QoS (Quality of Service), dongosolo la pa switch ndi pa rauta losankha zoyenera kudutsa poyamba, siiwonjezera liwiro ngakhale pang'ono. Ntchito yake ndi imodzi: mapaketi, tizidutswa timene uthenga umagawidwamo poyenda pa netiweki, akapanga mzere podikira kutuluka, iyo imasankha woyamba kutuluka, wodikira, ndi wotayidwa malo akatha. Pomwe palibe mzere QoS ilibe chochita. Ndipo mzere ukamapangika pa chipangizo chimene simunachikonze, malamulo onse amene mwalemba pa ma switch ena ndi ntchito yachabe. Choncho funso lotsogolera si lakuti "tilembe lamulo liti" ayi, koma lakuti "mzere ukupangika pati".

Zimene mawu amafuna

Foni ya VoIP, yodutsitsa mawu pa netiweki ya makompyuta, siidya liwiro lambiri. Ndi G.711, imodzi mwa njira zosandutsira mawu kukhala deta, imatumiza mapaketi 50 pa sekondi, limodzi pa ma millisecond 20 aliwonse, ndipo mukaphatikiza mitu (ma header) ya RTP, UDP, IP ndi Ethernet zimakwana 87.2 kbps mbali imodzi. Ndi G.729 ndi 31.2 kbps. Anthu 10 akulankhula nthawi imodzi safika ndi 1 Mbps yomwe. Chimene mawu salola ndi kudikira. Muyezo wa ITU-T G.114 umati ulendo wa mbali imodzi usapyole 150 ms, ndipo amisiri ambiri amafuna kuti jitter, kutanthauza kusiyana kwa nthawi imene mapaketi akufikira, ikhale pansi pa 30 ms, mapaketi otayika asafike 1 pa 100 alionse. Imelo ikataya paketi, TCP imatumizanso ndipo palibe amene amadziwa. Paketi ya mawu ikachedwa ndiye kuti yataika basi, chifukwa mawu amene inanyamula adutsa kale.

Mtunda si umene umavuta pa ma foni a m'dziko momwe muno. Mu fibre kuwala kumatenga pafupifupi 5 ms pa makilomita 1,000, ndiye kuchoka ku Zomba kufika ku Blantyre sikukwana ndi millisecond imodzi. Ngati ping, muyeso wa nthawi imene paketi imatenga kupita n'kubwerera, yopita ku nthambi ya ku Blantyre ikudumpha kuchoka pa 10 ms kufika pa 400 ms nthawi ya ntchito, umenewo ndi mzere.

Chotsani kaye zimene si za QoS

Musanakhudze lamulo lililonse la QoS, lembani show interfaces, lamulo la pa switch ya Cisco, pa port ya foni imene ikuvuta ndi pa ma uplink onse, ndiye ma port olumikiza switch ku switch ina kapena ku rauta. Mukaona CRC kapena input errors zikukwera, vuto ndi chingwe, cholumikizira, kapena SFP (kachipangizo kolowetsamo fibre pa switch) yakuda fumbi. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, zingwe za mkuwa zodutsa panja pakati pa nyumba ziwiri ndi zimene zimayamba kuonongeka ndi mphezi ndi chinyezi, ndipo port yomenyedwa nthawi zina siifa yonse, imangotsika kuchoka pa 1000 kufika pa 100 Mbps popanda wodziwa. Mukaona late collisions, mbali imodzi ili pa half duplex, kutanthauza kuti siitumiza ndi kulandira nthawi imodzi. Ngati mukumva mnzanu koma iye sakukumvani, yang'anani NAT ndi SIP ALG pa rauta. Ngati foni zikuzima n'kuyakanso zokha, werengani PoE, magetsi amene switch imapatsa foni kudzera m'chingwe cha netiweki, ndi show power inline, pakuti port ya 802.3af imapereka mpaka 15.4 W ndipo makamera akachuluka mphamvu ya switch yonse imatha. Zonsezi QoS singazichiritse.

Kusaka mzere

Jambulani papepala njira yonse imene paketi ya mawu imadutsa, kuyambira pa foni mpaka potulukira kunja, ndipo palumikizo lililonse lembani liwiro lenileni, osati limene linalembedwa pa bokosi. Malo okayikitsa ndi awiri: pomwe liwiro likutsika, monga 1 Gbps kulowa mu 100 Mbps, ndi pomwe ma port ambiri akuthirira mu uplink imodzi. Musaiwale kusuzumira pansi pa madesiki. Ka switch kotchipa ka ma port 8, kamene wina anakalumikiza mu ofesi ya akaunti chaka chatha, kalibe QoS yoti mungaikonze ndipo sikaoneka pa chithunzi cha netiweki.

Pa port iliyonse yokayikitsa lembani clear counters, dikirani ola limodzi la nthawi yotanganidwa, kenaka onani nambala ya Total output drops, mapaketi otayidwa potuluka. Nambala imeneyi ikamakwera, mwaupeza mzere.

Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Amaona output drops zikukwera koma liwiro la port likuonetsa 8 Mbps pa port ya 100 Mbps, n'kunena kuti sizingatheke. Zimatheka, chifukwa nambala ya liwiroyo ndi avereji ya mphindi 5. Tengani seva yolumikizidwa pa 1 Gbps imene ikutumiza fayilo ku nyumba ina kudzera pa port ya 100 Mbps. M'ma millisecond 10 okha sevayo ikhuthula 1.25 MB. Pa nthawi yomweyo port ya 100 Mbps itulutsa 0.125 MB basi. Zotsalazo, zopitirira 1 MB, ziyenera kudikira mu buffer ya switch, malo osungiramo mapaketi odikira, ndipo kuti zonse zituluke pafunika 90 ms. Buffer ikachepa zina zimatayidwa. Paketi ya mawu yofika pa nthawiyo mwina itayidwa, mwina idikira kumbuyo kwa zonsezo, monga mmene galimoto yaing'ono imakhalira ikapezana ndi lole ya matabwa potsika ku Ku Chawe, msewu wopanda popitirira. Amisiri amazitcha microburst. Pa avereji ya mphindi 5 sizioneka n'komwe. Lembani load-interval 30 pa ma uplink kuti muzionako bwino, koma umboni weniweni ndi ma drops, osati girafu.

Chidindo chikufufutika panjira

Kuti switch idziwe kuti paketi iyi ndi ya mawu, paketiyo imayenera kukhala ndi chidindo. Zidindo zilipo ziwiri. DSCP imakhala m'mutu wa IP, ili ndi manambala 0 mpaka 63, ndipo imayenda ndi paketi kudutsa ma rauta. CoS imakhala mu tag ya 802.1Q, kachizindikiro kosonyeza VLAN (gawo la netiweki) imene paketi ili, ili ndi manambala 0 mpaka 7, ndipo imathera pomwe tag yachotsedwa. Mawu amadindidwa DSCP 46, imene imatchedwa EF, ndi CoS 5. Vidiyo ya misonkhano imadindidwa 34, ndiye AF41. Mauthenga a SIP oimbira foni ena amawadinda 24, ena 26, ndipo muyenera kuona kuti foni zanu zikugwiritsa iti. Nambala 48 ndi ya mauthenga a ma rauta okhaokha, musaipereke kwa wina. Nambala 8 ndi ya zinthu zoti zikhoza kudikira kumbuyo kwa aliyense.

Pa Cisco Catalyst 2960, 3560 ndi 3750, amene adakali ambiri m'maofesi, pali msampha umene wagwira anthu osawerengeka. Lamulo la mls qos lisanalembedwe, switch siikhudza chidindo, imangochidutsitsa momwe chabwerera. Mukangolemba mls qos, ma port onse amasiya kukhulupirira zimene zikulowa ndipo DSCP iliyonse imafufutidwa kukhala 0. Munthu amayatsa QoS kuti akonze mawu, n'kupezeka kuti wafufuta chidindo chimene foni zinkadinda bwinobwino. Mankhwala ake ndi kulemba mls qos trust dscp pa ma port a foni, pa port ya PBX (seva ya foni za mu ofesi), ndi pa ma uplink onse, mbali zonse ziwiri. Uplink imodzi yoiwalika pakati pa nyumba ziwiri ndi yokwanira kuononga njira yonse.

Kuti muone zimene zikuchitika, lembani:

show mls qos interface gi1/0/5 statistics

Patuluka matebulo a dscp incoming ndi dscp outgoing, manambala ataikidwa asanuasanu pa mzere. Pitani pa mzere wa 45 - 49. Nambala yachiwiri pa mzere umenewo ndi ya DSCP 46. Imbani foni, bwerezani lamulolo patapita masekondi 10, ndipo nambalayo iyenera kukwera ndi pafupifupi 500. Chitani chimodzimodzi pa uplink, pa tebulo la outgoing. Ngati pa port ya foni 46 ikukwera koma pa uplink imene ikukwera ndi ya DSCP 0, chidindo chafera pa switch imeneyo. Yendani chotero switch ndi switch mpaka mupeze pomwe chikusowera.

Msampha wachiwiri ndi wobisika kuposa apa. Mukasankha mls qos trust cos, switch zimenezi zimamasulira CoS kukhala DSCP pogwiritsa tebulo lobadwa nalo la 0 8 16 24 32 40 48 56. Ndiye kuti CoS 5 imasanduka DSCP 40, osati 46. Pa switch yomweyo simuona vuto, chifukwa 40 ndi 46 zimalowa mzere umodzi. Koma rauta ya kutsogolo ikufunafuna 46, siikuipeza, ndipo mawu amalowa m'gulu la wamba pamalo enieni pomwe pali pothina. Konzani ndi mls qos map cos-dscp 0 8 16 24 32 46 48 56. Ife timakonda kukhulupirira DSCP kulikonse kumene kungatheke, chifukwa CoS imatayika mosavuta: paketi yodutsa pa native VLAN kapena pa access port wamba ilibe tag, choncho ilibe CoS.

Lamulo la mls qos trust device cisco-phone nalonso lisamaliridwe. Limadalira CDP, njira imene zipangizo za Cisco zimadziwirana, kuti lizindikire foni ya Cisco. Ofesi ikagula foni za kampani ina, monga Yealink kapena Grandstream, n'kuziika pa ma port omwewo, switch ikhoza kusazizindikira ndipo chidindo chimafufutidwa. Pa foni zotere yatsani lldp run kuti zilandire voice VLAN kudzera pa LLDP-MED, ndipo chotsani trust device ija, musiye trust dscp kapena mudinde nokha pa port.

Catalyst 3850, 9200 ndi 9300 zimachita mosiyana. QoS imakhala yoyaka kale, ndipo ma port amakhulupirira chidindo chilichonse chimene chalowa. Apa vuto si kufufutika koma kukhulupirira aliyense, zimene tizifika posachedwa.

Teams pa kompyuta ili ndi nkhani yakeyake. Microsoft imalangiza ma port 50000 mpaka 50019 pa mawu ndi DSCP 46, 50020 mpaka 50039 pa vidiyo ndi DSCP 34, ndi 50040 mpaka 50059 pogawana sikirini ndi DSCP 18. Pa Windows chidindocho chimaikidwa kudzera mu Group Policy, ndipo lamulolo limatchula dzina la pulogalamu. Teams yakale inali teams.exe, yatsopano ndi ms-teams.exe. Lamulo lolembedwa zaka zapitazo likhoza kukhala likudikirabe pulogalamu imene kulibenso. Komanso malaputopu a anthu obwera ndi awoawo salandira Group Policy. Njira yodalirika ndi kudinda pa switch penipeni: ACL (mndandanda wosefera mapaketi) yogwira UDP yochokera pa ma port 50000 mpaka 50019, class-map, ndi policy-map yolowera imene ikuika dscp ef.

Chidindo chilipo koma mzere wapadera palibe

Kudinda kokha sikupulumutsa paketi. Port iliyonse yotulukira iyenera kuuzidwa chochita ndi chidindocho.

Pa 2960 ndi anzake port iliyonse ili ndi mizere inayi yotulukira. DSCP 40 mpaka 47 zimalowa mzere 1, 0 mpaka 15 mzere 2, 16 mpaka 31 mzere 3, zotsala mzere 4. Mungaone zimenezi ndi show mls qos maps dscp-output-q. Koma mzere 1 sukhala wotsogola pokhapokha mutalemba priority-queue out pa port imeneyo. Popanda lamuloli, mzere 1 umapatsidwa gawo limodzi mwa magawo 25 a liwiro la port, ndiye 4 pa 100, ndipo sungapyole pamenepo ngakhale port ili yopanda kanthu. Pa 100 Mbps ndi 4 Mbps, yokwanira foni za G.711 pafupifupi 45. Koma chipangizo cha vidiyo chikamadinda 40 chimalowa mzere womwewo, ndipo 4 Mbps ija imatha msanga, mawu n'kumatayika pamodzi ndi vidiyo.

Palinso dandaulo lodziwika: "chiyatsireni QoS, kukopera mafayilo kwayamba kuchedwa." N'zoona ndithu. Mukayatsa mls qos buffer imagawidwa panayi, 25 pa 100 mzere uliwonse, pomwe pafupifupi katundu yense wa ofesi ali ndi DSCP 0 ndipo akupanikizana mu mzere 2. Mizere ina itatu ili ndi malo ongokhala. Pansi pa show mls qos interface statistics pali gawo la output queues dropped, ndipo mudzaona ma drops ataunjikana pa mzere umodzi. Samalani powerenga, chifukwa pamenepo mizere imawerengedwa kuyambira 0, choncho queue 1 ya pa tebuloli ndi mzere 2 wa m'malamulo. Lolani mzerewo kubwereka malo ku buffer ya onse:

mls qos queue-set output 1 threshold 2 3100 3100 100 3200

Kenaka fufutani ma counter muonenso. Pa 3850 ndi 9300 chofanana nacho ndi qos queue-softmax-multiplier 1200. Dziwani kuti buffer yaikulu imachepetsa kutaya koma imatalikitsa kudikira, ndiye chifukwa chake mawu ayenera kukhala ndi mzere wawo wotsogola musanakulitse wa enawo.

Pa 9200 ndi 9300 zonse zimalembedwa ndi policy-map. Poyambira pabwino pa uplink ndi apa:

class-map match-any MAWU
 match dscp ef
class-map match-any VIDIYO
 match dscp af41
class-map match-any ZODIKIRA
 match dscp cs1
policy-map KUTULUKA
 class MAWU
  priority level 1 percent 10
 class VIDIYO
  bandwidth remaining percent 30
 class ZODIKIRA
  bandwidth remaining percent 5
 class class-default
  bandwidth remaining percent 65

Cholakwa chofala apa ndi kulemba zonsezi n'kuiwala service-policy output KUTULUKA pa interface. Policy imaoneka mu show running-config, munthu n'kukhutira, koma siikugwira pa port iliyonse. Magulu anayi ngati awa amakwanira maofesi ambiri. Magulu 12 amaoneka bwino papepala, koma amene adzalowe m'malo mwanu sadzawamvetsa ndipo adzawachotsa tsiku loyamba la vuto.

Aliyense akakhala wofulumira

Kuchipatala wodwala mwakayakaya amalowa osaima pamzere chifukwa otere amakhala ochepa. Onse akanena kuti ndi akayakaya, mzere uja wangosamukira pakhomo lina. Mzere wotsogola umagwira ntchito chimodzimodzi, ndipo langizo la Cisco ndi lakuti zonse zoikidwamo zisapyole gawo limodzi mwa magawo atatu a liwiro la link.

Amene amaudzaza kawirikawiri ndi makamera a CCTV. Woika makamera amafuna zithunzi zake zisamadukize, ndiye amaika DSCP 46 pa kamera iliyonse. Kamera imodzi ya 1080p ikhoza kutumiza 4 Mbps usana ndi usiku. Makamera 16 ndi 64 Mbps, ndipo ngati akudutsa pa link ya 100 Mbps kupita ku NVR, chipangizo chosunga zithunzi za makamera, ya m'nyumba ina, mzere wotsogola wadzaza. Pa 2960 priority-queue out ilibe malire, imatumikira mzere 1 mpaka uthe, choncho enawo amangolandira zotsalira. Makamera apatseni gulu lawo lokhala ndi gawo lotsimikizika, osati lotsogola, ndipo ngati n'kotheka NVR ikhale pa switch imodzi ndi makamera ambiri kuti zithunzi zisamawoloke uplink.

Malire a chikhulupiriro akhale pa port yoyamba. Port ya kompyuta wamba, ya printa, ya kamera kapena ya alendo isakhulupirire chidindo chochokera kunja. Pomwe kompyuta yalumikizidwa kumbuyo kwa foni ya Cisco, switchport priority extend cos 0 imauza foniyo kuti ifufute CoS ya kompyuta, koma DSCP siikhudzidwa, choncho trust dscp pa port yotere imakhulupiriranso kompyutayo. Chotchinga chabwino ndi policer, lamulo loika malire a liwiro, yolowera pa gulu la mawu, mwachitsanzo 128 kbps pa port ya foni imodzi ya G.711. Ma backup, Windows Update ndi zokweza ku cloud muzidinde 8.

Khomo lotulukira kunja

M'maofesi ambiri mzere weniweni uli pano, ndipo pano ndi pomwe QoS ya pa switch imathera mphamvu. Port yopita ku chipangizo cha kampani ya intaneti imayaka pa 1 Gbps, koma mgwirizano wanu ndi wa 20 Mbps. Switch kapena rauta yanu ikuona msewu wa 1 Gbps wopanda kanthu, ndiye imangothira zonse osapanga mzere. Mzere umakapangika m'chipangizo cha kampaniyo, chimene sichilabadira chidindo chanu. Buffer ya 1 MB pa 20 Mbps ndi kudikira kwa 400 ms. Munthu mmodzi akukweza vidiyo ya msonkhano ku Google Drive, ofesi yonse yasiya kumvana.

Chochita ndi kubweza mzerewo kuti uzipangika m'nyumba mwanu. Mumachepetsa dala liwiro lotuluka kufika pa 90 kapena 95 pa 100 ya zimene mumalandiradi, ndipo mkati mwa malire amenewo mumaika mawu patsogolo. Pa rauta ya Cisco, mutalembanso class-map MAWU ija:

policy-map MWANA
 class MAWU
  priority 1000
 class class-default
  fair-queue
policy-map KHOLO
 class class-default
  shape average 18000000
  service-policy MWANA

KHOLO ndi amene amaikidwa pa interface yotulukira. 1000 kbps ija ndi ya foni 10 za G.711 ndi kotsalako pang'ono. Nambala ya shape ichokere pa zimene mwayeza nokha nthawi yotanganidwa, osati pa risiti. Mukaika 18 Mbps pomwe masana mumalandira 14, mzere wabwereranso kunja.

Pa ma rauta a MikroTik ntchito yomweyi imachitika ndi mangle yodinda mapaketi a dscp=46 ndi queue tree, kholo pa max-limit=18M, mwana wa mawu pa priority=1 ndi limit-at=1M. Ngati ma counter a queue sakusuntha, yang'anani lamulo la FastTrack mu firewall. Limabwera loyaka kale pa ma rauta ambiri a MikroTik, ndipo mapaketi odutsa pa FastTrack salowa mu mangle kapena mu simple queue. Lithimitseni, kapena patulani mawu kuti asalowemo, kenaka onani CPU, chifukwa karauta kakang'ono kakhoza kulemedwa FastTrack ikachoka. RouterOS 7 ili ndi fq-codel ndi CAKE, zimene zimathandiza kwambiri pa zinthu zovuta kuzidinda monga kuimba pa WhatsApp.

Ngati palibe rauta yoti ichite zimenezi, 2960 ikhoza kuyesako ndi speed auto 100 ndi srr-queue bandwidth limit 18 pa port yotulukira, pamodzi ndi priority-queue out. Lamuloli limalandira 10 mpaka 90 pa 100, ndipo liwiro lotuluka silikhala ndendende, choncho yezani.

Wailesi ya padenga yolumikiza nyumba ziwiri muitenge ngati khomo lomweli. Port yake imati 100 kapena 1000 Mbps, koma mumlengalenga mumadutsa zochepa, ndipo zimatsika mitengo ikaphuka masamba kapena mlongoti ukapendekeka ndi mphepo. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ili ndi vuto lofanana pa nkhani iyi: liwiro limasinthasintha, ndiye malire muyaike pa liwiro lotsika limene mumaona kawirikawiri, makamaka mbali yokweza.

Zonsezi zikulamulira zotuluka. Zolowa zimakhala zitadutsa kale pothina zisanakufikeni, ndipo pa intaneti wamba musayembekeze kuti DSCP yanu ilemekezedwa kapena kufika kumene ikupita. Chimene mungachite ndi kuchepetsa zolowa za wamba pa interface ya mkati kufika pa 85 kapena 90 pa 100, kuti TCP ibwerere m'mbuyo yokha n'kusiya mpata. Ngati muli ndi link ya MPLS kapena yobwereka yopita ku Blantyre kapena ku Lilongwe, funsani kampaniyo, ndipo ikuyankheni polemba, kuti ndi ma DSCP ati amene imalemekeza. Pa VPN onetsetsani kuti chidindo chikukoperedwa ku mutu wakunja wa paketi, apo ayi rauta ingoona katundu wa mtundu umodzi.

Za WiFi tinene mwachidule. WMM, imene ndi QoS ya pa WiFi, ili ndi magulu anayi okha, ndipo zipangizo zambiri zakale zimatenga ma bit atatu oyamba a DSCP, zimene zimasandutsa 46 kukhala 5, gulu la vidiyo osati la mawu. RFC 8325 ya mu 2018 inalangiza kuti EF izipita ku 6. Onani ngati controller yanu ili ndi tebulo limeneli, ndipo port ya access point ikhale pa trust dscp.

Kuyesa, ndi chifukwa chake vuto limabwerera

Musadikire msonkhano wa abwana kuti mudziwe ngati zatheka. Madzulo anthu ataweruka, dzazani link dala ndi iperf3, pulogalamu yoyezera liwiro la netiweki, mwachitsanzo iperf3 -c 10.0.20.5 -P 8 -t 120. Ili mkati, tumizani ping ziwiri kuchokera pa Linux: ina wamba, ina ping -Q 184. Nambala ndi 184 osati 46 chifukwa DSCP imakhala m'ma bit asanu ndi limodzi a kumtunda, ndiye 46 kuchulukitsa ndi 4. QoS ikamagwira, ping wamba ikwera kwambiri pomwe yodindidwayo ikhala pafupi ndi pomwe inali. Zonse ziwiri zikakwera limodzi, mwina chidindo chikufufutika, mwina mzere uli pa chipangizo china. Port imene mukuyesera ikhale yokhulupiriridwa pa nthawi yoyesayo. Kenaka imbani foni yeniyeni, koperani mapaketi ndi monitor session, ndipo mu Wireshark, pulogalamu yoonera mapaketi, sefani ndi ip.dsfield.dscp == 46. Pa Telephony, RTP, RTP Streams mudzaona jitter ndi mapaketi otayika pa mbali iliyonse payokha.

Vuto lokonzedwa bwino likabwerera patapita milungu, zifukwa zake sizichuluka. Choyamba ndi magetsi. Akathima, UPS yokalamba imalephera kudikira jenereta, switch imazima, ndipo ikayaka imabwerera ku startup-config. Ngati simunalembe copy running-config startup-config, ntchito yonse yapita. Yerekezani show running-config ndi show startup-config pa switch iliyonse musanachoke. Chachiwiri ndi kusamutsa zingwe: port 24 yapsa ndi mphezi, wina wasamutsira uplink pa port 23, netiweki yayaka, koma port 23 ilibe trust kapena priority-queue out. Konzeranitu port imodzi yapadera pa switch iliyonse yokhala ndi malamulo onse a uplink, muilembe description, ndipo mumatepo kapepala. Chachitatu ndi switch yobwereka kapena yatsopano yoikidwa m'malo mwa yakufa, imene yangopatsidwa ma VLAN okha. Chachinayi ndi kusintha kwa mgwirizano wa intaneti: ofesi yatsika kuchoka pa 20 kufika pa 10 Mbps pofuna kupulumutsa ndalama, koma shape idakali pa 18000000. Sungani kope la config ya switch ndi rauta iliyonse kunja kwa chipangizocho, lokhala ndi tsiku, ndipo papepala la njira lija lembaninso liwiro latsopano nthawi iliyonse imene chingwe, wailesi kapena mgwirizano wasintha.